Kapu ya Kadontho Kofiira

Lolemba, 3 Juni

Ayi, si khate. Ayi, sizipatsirana. Mawu amenewa ndawanena kanayi lero, m'nyumba ya mwana wanga yemwe. Ndabwera kudzaona mdzukulu wanga woyamba, wa masiku asanu, koma ndangomuonera patali ngati katundu wa pawindo la sitolo. Asewere, mayi ake a mpongozi wanga, anafika kale Lachisanu. Nditatambasula manja anati, "Pumani kaye asewere, mwatopa ndi ulendo." Maso ali pa zala zangazi.

Lachiwiri, 4 Juni

Ndawafotokozera modekha, ngati m'kalasi mwanga muja. Pakhungu pali timaselo topanga mtundu wake. Chitetezo cha m'thupi chikasokonezeka chimalimbana nato, ndiye malowo amayera. Dzina lake ndi vitiligo. Sipapweteka, sipatuluka madzi. Mafuta amene adokotala a khungu anandipatsa abwezeretsako mtundu kumaso, koma zala n'zamakani. Mafuta enawo ndi otchinga dzuwa, poti poyerapo sipachedwa kupsa.

Asewere anamvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza. "Zoonadi aphunzitsi. Komatu kakhanda khungu lake n'losakhwima."

Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikugwira makope ndi mitu ya ana a eni ndi manja omwewa. Palibe amene anayera.

Lachitatu, 5 Juni

Tiyi wanga amabwera m'kapu imodzimodzi tsiku lililonse. Lero potsuka ndinaitembenuza. Kunsi kwake kuli kadontho kofiira ka penti wa m'zikhadabo. Supuni nayonso. Thawulo langa lili ndi msomali wakewake kuseri kwa chitseko.

Lachinayi, 6 Juni

Ndaswera m'chipinda. Mwana walira kwambiri masana. Khoma la chipindachi n'lopyapyala.

Lachisanu, 7 Juni

Ndinampeza mwana wanga pakhonde akupolisha nsapato. Ndinati, "Iwe, apongozi ako andiikira chizindikiro pa kapu."

Sanadzutse mutu. "Ndinaika ndine, amayi. Ndimafuna pasakhale mikangano. Ndi kapu chabe."

Kapu chabe! Iyeyu ndi amene anandiperekeza kwa dokotala ulendo woyamba uja, anamva zonse ndi makutu ake, anafunsanso mafunso. Asewere sindiwada, sakudziwa. Nanga uyu ndimuphunzitse chiyani?

Ndalongedza chikwama. Basi ya mawa inyamuka 10 koloko. Ndibwerera mdzukulu ndisanamununkhize ngakhale pamutu.

Loweruka, 8 Juni

Ndimamwa tiyi m'khitchini, chikwama chili pamiyendo. Analowa mpongozi wanga, maso otupa ndi tulo, mwana ali paphewa. Anatenga kapu yanga, anaikweza n'kuyang'ana kunsi, kenaka anamwa. Osati kulawa ayi, anapapira ndithu.

"Iii amayi, shuga yenseyu? Adokotala anuwo amadziwa?"

Ndisanayankhe anati, "Tagwirani uyu ndikasambe, msana wandithera."

Asewere anali pakhomo. "Iwe mtsikana!"

Mpongozi wanga anati, "Ngati mukufuna tiyi mama, makapu ali m'kabati. Onse ndi amodzi."

Kamwanako n'kopepuka ngati mtolo wa thonje. Kanagwira chala changa cha mkombaphala, choyeretsetsa chija, osachitaya. Mwana wanga anaima pazenera ndi makiyi a galimoto, akuti tichedwa. Sindinamuyang'ane. Sindinakonzeke kumuyang'ana.

Basi yapita. Chikwama sindinamasule.