Chikuto Chomata ndi Phala

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Dambe tadzuka, kupatula mawondo a amayi.

Mbale ya galamafoni munaitanitsa ija, yonga ya malemu abambo, yafika ku positi. Koma msewu wathuwu mukuudziwa: chikuto chake chinang'ambika, nkhope ya woyimbayo n'kugawika pawiri. Ine wophunzirane ndimati tiibweze kwa ogulitsa atisinthire. Ndisanalembe n'komwe kalata yodandaula, amayi anali atamata kale ndi phala la chinangwa.

"Ubweze chiyani iwe? Ya abambo ako inali yomatamata chomwechi!"

Titaiyika pagalamafoni sanavine ayi. Anangofungatira chikutocho mpaka nyimbo inatha.

Chonde musavutane nawo ogulitsawo. Mungotitumizira singano ina ya galamafoni, yakaleyi yatha.

Ambuye akusungeni kumeneko.

Mlongo wanu,
Esinati