Makutu a Bambo Akutseka

Okondedwa azakhali a Mirriam,

Muli bwanji ku Joniko? Kuno ku Bwanje mpunga wacha bwino.

Bambo, alongo anu, manja ndi mapazi akukulabe, moti nsapato zonse zawachepera. Adokotala akuti ali ndi kachotupa m'mutu, ndipo mwina ndi komweko kakuwatseka makutu.

Koma azakhali, bambo ndi olimba mtima! Lamulungu anatsogolerabe kwaya, dzanja ataliika pang'oma kuti azimva kugunda kwake. Nditayamba kulira anaseka, amvekere, "Eliness, maso ndili nawo. Ndiziwerenga milomo yako."

Za opaleshoni imene adokotala akunena tidzakambirana mukadzabwera. Dzulo bambo amafunsa ngati mufike Khirisimasi isanakwane. Akuti mawu anu akuwakumbukira bwinobwino, koma akufuna awamvenso. Chonde musachedwe.

Ndine mwana wanu,
Eliness