Marlow Waphunzira Mochedwa

Okondedwa Malume Desmond,

Ndikhulupirira kuti kuzizira kwa ku Hobart sikukukupwetekani mawondo. Kuno ku Toowoomba mvula yatikana, msipu wonse wauma.

Chandilembetsa kalatayi ndi Marlow, kavalo munandisiyira uja. Mukukumbukira mmene tinkavutikira kumuphunzitsa kupondaponda pamalo amodzi, ngati akuthamanga koma osasuntha? Munkamugogoda miyendo ndi chikwapu n'kumati, "Mwanawe, ameneyu ndi gonthi, oweruza mpikisano adzatiseka." Zaka zonsezi wakhala akukana.

Mwendo wake wakumbuyo uja watupanso, ndipo mankhwala asiya kugwira. Dzulo dokotala wa ziweto, Mayi Narelle, anabwera ndi jakisoni woti amuphe kuti aleke kuvutika. Marlow atawaona ananjenjemera, kenako anapinda khosi n'kuyamba kupondaponda yekha, popanda womukwera, popanda womuuza. Malume, sindinaonepo zokongola chotere. Ngakhale mwendo wodwalawo unkanyamuka.

Mayi Narelle anatseka chikwama chawo. "Merryn, lero ayi, manja anga akana. Ndibweranso Lachisanu."

Amuna anga abwereka kale thirakitala yokumbira manda ake. Sindinawafunse kuti asankha malo ati.

Ngati mungathe, bwerani Lachisanulo lisanafike. Chikwapu chija musavutike kutenga. Waphunzira.

Ndine mwana wanu,
Merryn