Benzi ya Mkamwini

Lamulungu, 12 Januwale 2025

Foni, ukumva? Kagetsi kofiira kayaka, ndiye kuti ukumva. Mildred, mwana wanga wa ku Limbe, ndi amene anakusiya kuno pa Khirisimasi. Akuti ababa, poti cholembera chimakuvutani, muzingoyankhula. Chabwino. Ndine Dickson Namalomba. Kwathu ku Nsabwe, kuno kwa Khwethemule n'kuchikamwini. Izi ndi zanga ndekha, wina asamve.

Mvula yambiri. Shedi sinadonthe. Ndapukuta Benzi, kuyambira pa nyenyezi. Nthawi zonse nyenyezi poyamba.

Ndiyambire pati... Eya. Galimoto iyi ndinkawayendetsa nayo a Foster, manejala wathu pa esiteti ya tiyi, mpaka tonse imvi. Popuma ntchito chaka chatha anati, "Tenga Dickson, ana anga akuiseka." Ndinagwada pansi. Ya dizilo, mtundu wa tiyi wothira mkaka wambiri. Yakale kuposa Mildred. Chitseko ukatseka chimati thu, osati phwa ngati timagalimoto ta masiku ano.

Anthu samvetsa. Nyumba iyi njerwa ndinaumba ndine, koma ndi ya Teleza, mkazi wanga. Nthochi ndinabzala ndine, za mbumba. Ana, a kwa amalume awo. Nanga mkamwini chake n'chiyani? Chokhala ndi matayala basi. Chimene ungachoke nacho.

Teleza akutsokomola. Ndamuuza asamakoleze moto pafupi ndi shedi, utsi umadetsa penti.

Lachitatu, 15 Januwale

Lero ndikuuze mbiri yake, iwe foni, ndisanaiwale. A Foster ankandifotokozera tili pa msewu wa ku Blantyre. Nyenyezi ija nsonga zake zitatu: mtunda, madzi, mlengalenga. Dzina linalo, Mesedesi, linali la kamtsikana, mwana wa munthu wina wogulitsa magalimoto. Kamtsikana! Ine ndimangoti Benzi.

Ndiye pali nkhani ya mkazi wa mwini kampani ya Benziyo, ku Jeremani konko. Akuti anadzuka m'mamawa, bambo osadziwa, n'kutenga galimoto, ana awiri, ulendo kwa amayi ake. Mafuta n'kukagula mu sitolo ya mankhwala. A Foster ankaseka, akuti mayi ameneyo ndi amene anaitchukitsa. Ine sindinaseke. Kuba n'kuba. N'chifukwa chake kiyi ndimabisa m'thumba la makaka, kudenga.

Teleza nkhani ya mtengo wa mapeyala sanaiwalebe. Ndinadula kuti pakhale shedi. "Mtengo uja unkatidyetsa, nanga ichi chikutidyetsa chiyani?" Mawu a dzulo amenewo, ali pakati pa chifuwa. Ndamulonjeza. Mvula ikatha ndidzapita naye ku boma, akhale kumbuyo ngati dona. Koma atasamba mapazi.

Dizilo ilimo ya ulendo umodzi wokha. Kumalo omwetsera mafuta mizere yokhayokha. Ndiye sindinailize kuyambira Novembala. Kusunga.

Lamulungu, 19 Januwale

Kutchalitchi ndekha. Teleza, munthu wa kwaya, kujomba! Thupi moto. Koma pobwera ndamupeza akuchokera kuseri kwa shedi, akudzandira. Akuti kuchimbudzi. Ndamukalipira pang'ono, wodwala azigona.

A Lestina, achemwali ake, abweretsa panado ndi phala. Sanandipatse moni wabwino.

Alamu anga a Lackson, mwini mbumba, adutsa ndi ambulera. Aima pa shedi. "Alamu, nkhuku zanga zikusowa khola, simungandibwereke chitini chanuchi?" Ndaseka nawo. Mkamwini amaseka. M'katimu ayi.

Lachiwiri, 21 Januwale

Ndiyankhule mwadongosolo, chifukwa anthu ayamba kale kupotoza.

Masana a Lackson anabwera akuthamanga. "Alamu, tulutsani galimoto." Teleza kupuma kwake ngati macheka. Ndinawafotokozera bwinobwino. Choyamba, matope. Benzi mimba yake ndi yapafupi ndi pansi, si thirakitala. Chachiwiri, ulalo wa mitengo wa kumtsinje uja ndi woterera. Tayala limodzi likaphonya, basi, zonse zathera pompo. Ndinati pezani kabaza, njinga yamoto imadutsa bwino m'matope. N'zoona kapena bodza? N'zoona. Aliyense akudziwa.

Za kusanza pa mipando ndinangotchula. Sindinalimbikire. Ndinangotchula.

A Lackson anandiyang'ana ngati akuona njoka m'nkhokwe.

Kabaza anabwera. Anam'mangirira Teleza ndi chitenje kumsana kwa mnyamatayo, a Lestina kumbuyo, pepala la pulasitiki kumutu. Mvula waa. Ponyamuka sanayang'ane ine, anayang'ana shedi. Anati, "Musaiwale kuipukuta, bambo ake Mildred."

Ukuona? Iye amamvetsa.

Ndapukuta.

Lachitatu, 22 Januwale

Mvula. Uthenga palibe. Ndatereka kalongonda, tsiku lonse osapsa. Teleza amatani kuti apse?

Mawa ndipita kuchipatala wapansi, kukacha bwino.

Lolemba, 3 Febuluwale

Foni. Ndinakuiwala.

Lachinayi lija sikunache bwino. Ndinadikira kuti mvula idule. Uthenga wa maliro unandipeza ndikumanga nsapato. Chibayo, akuti. Akuti ananyowa kwambiri m'njira. Akuti, akuti. Aliyense dokotala tsopano.

Ndinapita ndekha kwa a Lackson, ndinati alamu, thupi tikatenge pa Benzi. Ndekha, wosatumidwa. Matope omwewo, ulalo womwewo, ndinati zilibe kanthu. Ndinatsitsa thumba la makaka, kutenga kiyi. Mudzi wonse pabwalo. Kulowa, maondo kugunda chiwongolero, sindikudziwa, mwina kunjenjemera. Kupotokola kiyi. Khrr. Khrr. Kenako kachete. Batire.

Anyamata ena anayamba kuvula malaya kuti akankhe. A Lackson anakweza dzanja. "Wina asaikhudze. Wamoyo anam'kaniza mwiniwake, wakufa yam'kana yokha."

Teleza anabwera pa ngolo ya thirakitala ya ku esiteti, yonyamulira masamba. Bokosi likununkha tiyi wauwisi. Moyo wake wonse kuthyola tiyi, ulendo womaliza pa ngolo ya tiyi. Ndinaganiza zimenezo kumanda, kenako ndinaganiza kuti shedi ndasiya yotsegula. Mutu wa munthu.

Pasiwa palibe anakhala pafupi nane. Mildred anafika, kulira pa a Lestina, pa a Lackson, ine kundidumpha. Tsiku lobwerera ku Limbe ndinamufunsa ngati wandisiyira ndiwo. "Ababa, uzani Benzi yanu ikuphikireni."

Ndikamadutsa, ana a pamudzi amati khrr, khrr. Akuluakulu osawaletsa.

Lamulungu, 9 Febuluwale

Andisudzula. Msanga chonchi! Ena amakhala mpaka kukolola, ena mpaka kufa, ngati anali mkamwini wabwino. Ine ndinali woipa? Denga ili ndani anafolera?

Ankhoswe anga anachokera ku Nsabwe, anangoyang'ana zala zakumapazi. A Lackson anayankhula mwaulemu kwambiri, ulemu wobaya. Takumasulani, alamu. Mwezi uno ukatha muzikaona kwanu. Andipatsa khasu, chikwanje, mphasa, zovala zanga. Jekete ya udalaivala.

Ndinati nanga galimoto? Anamwetulira. "Ili ndi miyendo, ichoke ndi miyendo yake. Mwezi ukatha idakali pano, ndiye kuti yamera. Ndipo chomera pano n'cha mbumba." Amayi kuseka m'zitenje.

Ndiye nkhani ndi imeneyo, foni. Ituluke mwezi usanathe. Apo ayi ndibwerera ku Nsabwe monga ndinabwerera ndili mnyamata, khasu paphewa. Ndi nkhuku za a Lackson pa mpando wa a Foster.

Loweruka, 15 Febuluwale

Khosi likupweteka. Batire ndinasenza pamutu mpaka pa tauni, kwa wowotcherera zitsulo. Anaika mawaya ake, anagwedeza mutu. Lafa, akuti linakhala nthawi yaitali lili lopanda moto. Anandifunsa ngati ndimasiya magetsi oyaka. Ine? Dalaivala wa manejala? Latsopano mtengo wake ndinangomva n'kutuluka. Ndabwera nalo lakufalo, ndalibwezera m'malo mwake. Isakhale ndi chibowo.

Pa bawo ndinapempha anyamata. Amuna asanu okha, kukankha kuchoka pa shedi mpaka iyake. Ndinati ndiwapatsa wotchi. Mmodzi, mdzukulu wa a Lackson, osadzutsa n'komwe mutu: "Pezani kabaza, madala. Amadutsa bwino m'matope."

Mawu anga omwe. Koma ine ndinkanena zoona, iye akunena mwano. N'zosiyana.

Ku esiteti mlonda watsopano wandibweza pageti. Geti limene ankanditsegulira ndi sailuti. Ndaimbira a Foster ku Mzuzu. Kulira, kulira, kenako ayankha. "Dickson uti?" Ndinati wa Benzi, bwana. "Aa! Chikadali moyo chija?" Kuseka. Za Teleza sindinawauze, mayunitsi anatha.

Lachinayi, 20 Febuluwale

Ndakankha ndekha. Yasuntha pang'ono, mphuno yatuluka mu shedi. Msana. Mudzi wonse pakhonde, ena atenga mipando. Wina kuwombera m'manja.

Ndaika mwala pa tayala.

Chakudya, makaka ophika ndi mchere. A Lestina amaphika pafupi pomwepa, fungo limafika, mbale ayi.

Ndimalota Teleza akutsokomola kukhitchini. Kudzuka, ndi mbuzi.

Lachitatu, 26 Febuluwale

Dikira, ndikhale pansi kaye. Ndiyambe bwanji...

A Lestina abwera kudzatenga mapoto a malemu. Andipeza ndikupukuta nyenyezi. Aima, manja m'chiuno. "Alamu, mukudziwa chinapha batire lanu?" Ndinati chinyezi. Aseka mpaka kugwira chitseko.

Akuti Teleza. Akuti kiyi anamupeza kalekale, mwezi woyamba womwe, nanga makaka amaphika ndani? Ndikangochoka, kutchalitchi, kumsika, kumaliro, iye m'galimoto. Wailesi. Nyimbo za kwaya. Nthawi zina awiriwiri ndi a Lestinawo, akukazinga chimanga n'kumadyera momwemo, pomaliza kutola nyenyeswa imodziimodzi. Akuti ankandiyeserera mayankhulidwe: "Mwasamba mapazi, dona?" Akuti Lamulungu lomaliza lija, poti kutchalitchi analephera, anamvera mapemphero onse m'menemo, n'kugona tulo wailesi ikulira.

Ndinati bodza, ndikanaona matope kumbuyo. "Kumbuyo kwa chiyani? Ankakhala kutsogolo, pa chiwongolero. Ankati akupita kwa amayi."

Amayi awo anamwalira Mildred asanabadwe.

Ndakwiya. Ndinene zoona, ndakwiya kwambiri. Wandiphera batire. Chaka chonse kundinamiza, ine ndikusunga dizilo ya ulendo wake. Akanapanda kutero bwenzi tsiku lija italira, bwenzi anthu... bwenzi pano ndili ku Nsabwe. Wandimangirira pano ndi iyeyo. Ndinakuuza za mkazi wa ku Jeremani uja, si ndinakuuza?

A Lestina potuluka anatembenuka. "Musadandaule, alamu. Anakwera. Inu nokha ndi amene simunapite naye kulikonse."

Nditatsala ndekha ndalowa. Maondo kugundanso chiwongolero. Ndayang'ana pansi. Mpando uli kutsogolo, pa kabowo koyamba. Masiku onse ankaubwezera. Lamulungu lija mphamvu zinali zitatha.

Anali wamfupi. Paukwati anamuimika pa njerwa kuti chithunzi chioneke bwino.

Zima kaye, foni. Umazima bwanji... apa?

Lachisanu, 28 Febuluwale

M'mawa. Mwezi ukutha lero. Kwacha bwino, dzuwa, koma pansi m'ponyowa.

Nkhuku za a Lackson zabwera kale, mu dengu, azisiya pafupi ndi shedi. Kuti ndizione.

Ndaganiza chonchi, tamvera ngati ndikulakwitsa. Kuchoka pano mpaka kumtsinje ndi chitsikire chokhachokha. Njira imadutsa pa nthochi, pa manda, kenako kukhota, kenako ulalo. Ndikaisiya itsike yokha, n'kuika giya yachiwiri, n'kusiya klatchi pa manda paja, mwina injini igunda. Mwina. Dizilo yozizira ndi yamakani, ndikudziwa. Ikapanda kugunda, buleki imakhala yolimba ngati mwala, ndiye pali kukhota kuja. Ulalo ndinakayeza dzulo ndi chingwe. Matayala akukwana. Kutsala chikhatho chimodzi uku, chimodzi uku. Mtengo wakumanzere wawola pang'ono. Pang'ono.

Khasu, chikwanje, mphasa, zonse mu buti. Jekete ndavala. Nyenyezi ndapukuta.

Ili m'giya. Mwala ndachotsa. Yagwedezeka, yaima.

Atuluka onse. A Lackson ndi kapu ya tiyi. A Lestina. Ana ayamba kale khrr, khrr. Asiyeni.

Ndakuika pa mpando wa pambali, foni, usagwe. M'kati muno... ndinali ndisanamve. Mafuta ake a m'mutu aja, a m'kabotolo kobiriwira. Pa chotsamira mutu. Ndimapukuta kunja kokha, ine.

Mpando ndikanaubweza m'mbuyo, miyendo yapanikizika, buleki sindiiponda bwino chonchi. Kachitsulo kake ndi aka, pansi apa. Kungokoka.

Ayi. Ukhale pomwepo.

Amake Mildred, mapazi asiyeni choncho. Tidutsa pakhomo panu pompano, mumve ngati igunde. Ndikuponda klatchi. Yayamba. Yayamba kuyenda, ee, nthochi izo, dikira, dikira kaye, osati pano, pa manda, pa