Shuga Amene Simunadye

Amayi,

Kumeneko mwaswera bwanji? Kuno ku Zingalume kunacha ndi chisanu cha Juni, mphepo ikuulutsa makoko a chimanga pabwalo. Ngolo ya anzathu a kuseriku inadutsa molawirira mawilo akulira, mbuzi nazo zikulirira kutsekuliridwa.

Chimanga takolola. Nkhokwe sinadzaze, koma njala sitikuiopa. Nshawa zanu za mbewu zija zabereka bwino. Achemwali a Tisauke anabereka mwana wamkazi mu Epulo, ndipo mphumi yake ndi yanu yeniyeni.

Ndili ndi mlandu woti ndiulule, umene ndinalephera kuulula inu muli moyo. Mutadwala shuga munasiya tiyi wotsekemera, nzimbe, ngakhale mango a mtengo umene munabzala nokha. Koma mukapita ku kiliniki ankati shuga akadali pamwamba. Azakhali anati, "Amadya mobisa amenewo." Inu munangoyankha kuti, "Pakamwa ndi panga, cholowapo ndimachidziwa." Ine ndinakhulupirira azakhali. Ndinkakuzondani, mpaka tsiku lina ndinafufuza mudengu lanu. Ndinapezamo mchere ndi singano basi.

Mwezi watha aphunzitsi a bayoloje, poona kuti nthawi yopuma ndimakhala ndekha, anandibwereka buku lawo la ku koleji. Muli tsamba limodzi limene ndaliwerenga kasanu. Likuti m'thupi shuga amaphwanyidwa pang'onopang'ono kuti atipatse mphamvu, ndipo panjirapo pali enzayimu imodzi, kanthu kothandiza kuphwanyako, imene ili ngati chipata. Chotsekula chipatacho ndi kashuga kena, fulukitozi womata mafosifeti awiri. M'chiwindi kamakhalamo kochepa zedi, ndipo iko sikaphwanyidwa nawo, ntchito yake ndi kulamula basi. Munthu akadya, insulini imakachulukitsa, chipata chimatseguka. Insulini ikalephera, kashugako kamachepa, chiwindi chimayesa kuti kunja kwagwa njala, n'kuyamba kupanga chokha shuga, ngakhale magazi atadzaza naye kale.

Amayi, shuga uja simunamudye. Ankapangidwa m'kati mwanu. Zaka ziwiri munadziletsa, anthu akukunenani, nyengo ya mango mukutisendera ife n'kukasamba m'manja osanyambita ndi chala chomwe. Sindikudziwa munthu wina amene akanatha zimenezo.

Tsopano za atate. Kuyambira Febuluwale amamwa madzi ngati ng'ombe yochokera kolima, lamba aboola kachiwiri, ndipo kuseri kwa bafa kumene amataya madzi kumadzaza nyerere, monga zinkachitira kwa inu. A Tisauke atawauza za kiliniki, atate anaseka. "Ine shuga ndimamudyera kuti? Tiyi ndimamwa pa Khirisimasi."

Ine ndinaona zonsezi miyezi inayi osanena kanthu. Paja munkandinena kuti, "Maso uli nawo anayi, pakamwa unasiya m'mimba." Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndinawapeza akusema mpini. Ndinatola kamtengo, n'kujambula pansi chiwindi, chipata ndi kashuga kaja.

"Ndiye ukuti m'mimba mwangamu muli fakitale ya shuga, ine osalandirako ndi thumba limodzi lomwe?" anatero.

Ndinati inde, Atate. Anapitiriza kusema kanthawi, kenako anaika kasemasema pansi.

"Ndiye kuti amayi ako sankanama."

Sanandiyang'ane. Anangoti ndikauze amalume apope njinga.

Lero m'mawa ananyamuka atatu kupita ku boma: atate pakaliyala, amalume akupalasa, a Tisauke panjinga ina mwana kumsana. Dzuwa litapendeka abwera amalume ndi a Tisauke ndi mwana. Atate atsala. Awapeza naye shuga, wokwera kwambiri, ndipo anesi akuti agone kumeneko masiku angapo, koma afika nthawi yabwino. Atate atuma mawu akuti bulangete la kuchipatala ndi lopyapyala, ndiponso mbuzi ndisazichedwetse.

Mawa ndikawapititsira bulangete lanu lofiira ndisanalowe m'kalasi. Ndikulonjeza kuti akabwera sindidzafufuza m'matumba mwawo. Chimene ndaona ndizidzawauza pamaso.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Yohane