Ambulera ya Mai Chipo

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Ntcheuko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Kuwadzana, m'dziko la enili, tilipo, kungoti miyendo yanga ikutupabe.

Mukuwakumbukira Mai Chipo, ogulitsa tomato pafupi nane pokwerera makombi, maminibasi akuno aja? Zaka zonsezi takhala tikukangana, lero za makasitomala, mawa za mthunzi wa ambulera yawo. Akapsa mtima ankanditukwana kuti ndine wopanda kwawo. Loweruka mwana wawo anabwera ndi lole kudzawatenga kuti akapume kumudzi kwawo ku Murehwa. Ine ndinati, "Pitani, mwina makutu angazizireko." Iwo anangoseka, n'kundiikira ambulera ija pamiyendo. "Tsalani nayo, sahwira. Nanga inu mudzapita kuti?" Chiyambire anali asananditchulepo choncho, ndipo mukudziwa kuti kuno sahwira ndi mnzako amene amadzakuika m'manda.

Lolemba mayi wina anafuna kuyala masamba pamalo pawo. Ndinamuthamangitsa ngati wamisala, anthu mpaka kudabwa. Tsopano ndimangokhala duu tsiku lonse, koma ndimafika kunyumba nditatopa kuposa kale.

Chonde mundifunsireko kwa amalume ngati dzina la bambo likukumbukikabe kumeneko, komanso ngati pangapezeke kamalo koti munthu n'kudzagonapo. Musavutike n'kunditumizira kanthu. Muzingondiimbirako foni, ngakhale kungondikalipira chabe, ndizimvako kuti pali wina amene ndimamusowetsabe mtendere.

Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati