Kanema wa Diso la Amayi

Lolemba, 3 Juni 2024

Namitete yense amve: lero kompyuta yanga yasiyanitsa mpeni ndi lumo. Nthungululu sindinazimve.

Miyezi yonseyi ndili kuchipinda chakuseri kwa chipatala, kuiphunzitsa kuonera makanema a opaleshoni ya ng'ala. Apa dokotala wacheka, apa wachotsa ng'ala, apa waika kagalasi. Ukaipatsa chithunzi cha diso, imakufufuzira kanema wa diso lofanana nalo. Digiri ija yayamba kubala.

Madokotala a maso akubwera pa 13. Amayi analembetsa, koma mantha. Diso lakumanzere linayera kale, lakumanja layamba chifunga.

Lachisanu, 7 Juni

Nzeru yandipeza m'minibasi. Mantha ndi umbuli, mankhwala ake sayansi. Chithunzi cha diso la amayi ndili nacho. Ndikawaonetsa kuti ndi kantchito kochepa.

Lamulungu, 9 Juni

Kwathu ku Mpingu. Ndimati tionera awiri. Ndinaiwala kuti kwathu chachilendo saonera m'nyumba. Potuluka m'tchalitchi amayi anaitana a Mvano onse, ndipo poti iwo saona bwino, anakhazika azakhali a Nelia kutsogolo kuti aziwafotokozera. Azakhali omwe aja amaliza anthu pamaliro a munthu amene sakumudziwa.

Kompyuta sinandichititse manyazi. Inapeza diso ngati la amayi ndendende, ng'ala yokhwima. Ine kanemayo osayamba ndamuonera. Inali opaleshoni imene zinavuta: magazi, dokotala kusoka, kusokanso. Ndinaiphunzitsa kufananiza maso, za kutonthoza nkhalamba sitinafikepo.

Azakhali: "Alamu, alibowola. Pano akukolowola ngati dzungu."

Ndinafotokoza kuti mwini disolo anachira, akuona. A Mvano anali atayamba kale nyimbo.

Lachinayi, 13 Juni

Galimoto ya chipatala yokatenga odwala yabwerako ndi mipando yokhayokha. Amayi akana, anzawo amene analembetsa nawonso akana. Akuti diso lawo adzakalipereka kwa Mwini wake losacheka.

Kuntchito andiwombera m'manja. Akuti kompyutayo sikuphonya.

Loweruka, 20 Julayi

Madokotala mpaka chaka chamawa. Za ku Lilongwe amayi safuna n'kumva komwe. Nditchule chipatala, amayamba kufunsa za mtengo wa feteleza.

Ndafika masana, dzuwa lili phwee. Ndinaima pakhomo osalankhula. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka n'kundiyalira mphasa, mwaulemu wonse.

"Takulandirani, bambo. Kodi mukufuna ndani?"

Ndinakulitsa mawu, ndati ndine wogula fodya. Anandizindikira pomwepo. Anaseka mpaka kutsokomola, ati Kingsley iwe sudzakula. Ndinaseka nawo.

Akanakwera galimoto ija, bwenzi atandionera ndikutsika kumsewu.